Kaseti ya Makatuni ya ku Ntaja

Ana anga, za ubwana wanga ku Nsamala azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, choncho sindizilemba. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka nkhani ya kaseti imene mwakhala mukuimva mwapatalipatali. Ndilemba monga ndikukumbukira, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti apa sindikudziwa.

1977, Balaka

Ntchito yanga yoyamba inali yoonetsa kanema wa boma m'midzi. Tinali ndi galimoto imodzi yokhala ndi zimkuzamawu padenga, pulojekita, jenereta, ndi chinsalu choyera chimene tinkachimanga pamitengo ya bulugamu kapena pakhoma la sukulu. Mafilimu ake anali a kapoperedwe ka thonje, kukumba zimbudzi, ndi misonkhano ya chipani. Ambiri anali m'Chingerezi, ndiye ine ndinkatsitsa mawu ake n'kumafotokoza ndekha pa maikolofoni, m'Chichewa, ndipo tikalowera cha ku Machinga ndinkasakaniza ndi Chiyao chimene ndinatola panjira. Bwana wanga woyamba anali a Mbewe, munthu wamkulu thupi ndi waukali. Ukalakwitsa ankakukalipira pamaso pa mudzi wonse, mawa lake n'kukugulira tiyi ndi sikono pa sitesheni. Ndinkawaopa, koma tsiku lililonse ndinkadziwa pamene ndaima ndi iwo.

Zaka zimenezo tinavutika ndi kusowa kwa zinthu. Petulo ankatha miyezi osaoneka, galimoto ili chikhalire pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikira m'kati. Babu ya pulojekita ikapsa tinkalemba makalata atatu kapena anayi isanabwere ina. Filimu ikaduka ndinkailumikiza ndi vanishi wopaka m'zikhadabo, amene ndinkamupempha kwa mtsikana wina wogwira ntchito pa sitolo ya nsalu. Ndinapempha kambirimbiri mpaka iye anafunsa ngati ndili ndi mkazi wokonda kudzipakapaka. Mtsikanayo ndiye mayi anu. Tinakwatirana mu 1980.

1985, Machinga

Atandikweza anandisamutsira ku ofesi ya pa boma ku Machinga, ndipo kumeneko ndinakumana ndi a Kamwendo, bwana wanga wachiwiri. Iwowa sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Ankalankhula motsitsa mawu moti unkayenera kuwerama kuti umve, ndipo ankanditcha mng'ono wawo. Iwe Tamanda utadwala malungo aakulu uli ndi zaka zitatu, ndi iwo anatulutsa galimoto ya ofesi popanda chilolezo n'kutithamangitsira kuchipatala, nakhala nafe pakhonde mpaka utatsitsimuka. Zimenezi muzisunge pamene mukuwerenga zotsatirazi, chifukwa inenso sindinaziiwale.

Patapita chaka ndinayamba kuiwala zinthu, kapena ndinene kuti ndinayamba kuuzidwa kuti ndaiwala. A Kamwendo ankabwera patebulo langa n'kufunsa ngati kalata ya ku Ntaja ndatumiza, ine ndisanamvepo za kalata iliyonse. Ndikanena choncho ankandiyang'ana mwachisoni. "Paja ndinakuuzani dzulo, mutaima pakhomo apo. Mukuiwalaiwala masiku ano, mng'ono wanga. Koma musadandaule, sindiuza munthu." Kiyi wa sitolo ya zipangizo, amene ndinkadziwa kuti ndamupachika pa msomali, ankapezeka m'thumba la jekete langa, ndipo opeza anali iwo. Anandiuza mwachinsinsi kuti a Chikaonda, mayi wotaipa makalata, ankanena kuti ndimabwera kuntchito nditamwa. Ine sindimwa, ndipo ndinasiya kuwapatsa moni mayiwo. Anandiuzanso kuti anzanga amandiseka tikamadya pamodzi, ndipo ndinayamba kudyera mu ofesi mwawo, awiriwiri, iwo akundigawira nyama ya m'mbale mwawo.

Ndinagula kabuku kuti ndizilembamo chilichonse chimene andiuza, ndi tsiku lake. Atakaona anaseka pang'ono, natseka chitseko, n'kundifunsa kuti mawu a bwana ndikuwalembera ndani. Anati masiku ano munthu wolemba zolankhula za anzake m'kabuku amaoneka ngati watumidwa, ndipo akanakaona munthu wina ndikanafotokoza bwino ku polisi. Kabukuko ndinakaotcha tsiku lomwelo, ndipo ndinawathokoza. Ndinapitanso kuchipatala kukadandaula za mutu woiwala. Anandipatsa mapilitsi a mavitamini.

1990, Ntaja

Nthawi imeneyi kanema wa galimoto anali atayamba kutha mphamvu, chifukwa m'misika munali mutabwera mavidiyo. Munthu ankapeza wailesi yakanema, deki ndi batire, n'kuika mabenchi m'chipinda, anthu n'kumadzaza. Ofesi yathu inapatsidwa ntchito yothandiza kuyendera malo amenewa m'boma lathu, ndipo a Kamwendo anasankha ine. Ndinkayenda ndi fomu yokhala ndi timabokosi tochonga: kupsompsonana, maliseche, akazi ovala mathalauza kapena zazifupi, amuna a tsitsi lalitali, ndipo kumapeto, mawu kapena zithunzi zonyoza boma. Kabokosi komalizaka ndinali ndisanakachongepo.

Pa Ntaja panali Che Idrissa, mwini sitolo ya mchere, sopo ndi zitenje, amene anali ndi chipinda cha vidiyo kuseri. Anali munthu wodekha. Nthawi ya swala ikakwana ankazimitsa deki ngakhale karate ili pakati, anthu n'kumadandaula iye ali ulendo wa ku mzikiti. Loweruka masana ankaonetsa makatuni kuti ana aonere. Mphwake wina, dalaivala wa mathiraki a ku Joni, anamubweretsera makaseti angapo, ndipo imodzi inali ndi chithunzi chojambula pamanja cha mtsikana wa maso aakulu atanyamula ambulera. Che Idrissa anaiika m'deki n'kubwerera kukagulitsa. Pasanathe ola ana anayamba kutuluka mmodzimmodzi, opanda woseka. Mayi wina, mkazi wa mphunzitsi, amene anabwera kudzatenga mwana wake, anakhala pabenchi n'kuonera mpaka kumapeto. Anatuluka akulira, ndipo Lolemba anakadandaula. Dandaulolo linafika kwa ife.

Nditafika, Che Idrissa anandilandira bwino, nandipatsa kasetiyo ndi manja awiri ndisanaifunse. Anati iye ataona zojambula anayesa za ana, ndipo atamva zimene zachitika sanaiikenso. Kenako anandifunsa, "Achimwene, inu mwaona mafilimu ambiri. Kodi ku Japan akuluakulu amaonera makatuni?" Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Ndinalemba pakapepala kuti ndatenga kaseti imodzi, ndipo tinasiyana mwamtendere.

Ndinaionera ku ofesi masana, nditatseka makatani. Anthu ake ankalankhula chilankhulo chawo, ndipo pansi pankadutsa mawu a Chingerezi mofulumira moti ndinkaimitsa kawirikawiri kuti ndiwerenge. Nkhani yake inali ya mayi wachitsikana wogwira ntchito mumzinda wa masitima ambiri. Tsiku lina lamvula, bambo wachikulire wa kuntchito kwake, wovala suti yakuda ndi chipewa, anamubwereka ambulera. Bamboyo anali waulemu, wolankhula pang'onopang'ono. Sanamumenye mayiyo ngakhale kamodzi. Ankangobweza m'mbuyo wotchi ya pakhoma, mayiyo n'kuchedwa, iye n'kumuteteza kwa mabwana. Ankabisa makalata ochokera kwa amayi ake, n'kumamutonthoza kuti abale ndi otero, amaiwala. Pang'onopang'ono mayiyo anasiya ntchito, anasiya anzake, nakakhala kunyumba kwa bamboyo. Panali malo amodzi a kuchipinda amene sindiwafotokoza pano. Anali afupi, ndipo si amene anandivuta. Chimene chinandivuta chinali chitseko. Ojambulawo ankachionetsa mobwerezabwereza chili chotsegula, kunja kukuwala, bamboyo atachoka, mayiyo atangokhala pansi. Pena bamboyo anagwetsa kapu dala, mayiyo akuona, ndipo anali mayiyo amene anagwada n'kupepesa. Kumapeto mkulu wake anamupeza, namugwira dzanja kuti azipita. Iye anamwetulira, nanena kuti ali bwinobwino, n'kutseka chitsekocho yekha.

Ndinatenga fomu. Ndinachonga za kuchipinda, ndinachonganso za siketi yaifupi. Koma chimene chinaliza mkazi wa mphunzitsi uja chinalibe kabokosi. Munalibe magazi, munalibe mfuti, munalibe kutukwana. Sindinamvetse kuti anthu angakhale pansi miyezi n'kujambula ndi manja, chithunzi ndi chithunzi, nkhani yopanda woseketsa ndi yopanda wopulumutsa. Ndinaionera Lachinayi, Lachisanu, ndi kachitatu Lolemba m'mawa, ndikuyesa kuti mwina pali chimene ndaphonya. Mwina mukuganiza kuti ndinadzizindikira m'nkhaniyo. Iyayi. Ndinkangoti mayiyu ndi wopusa, chitseko chili chotsegula chonchi.

Lachitatu a Kamwendo anaionera mphindi zochepa ali chiimire, manja kumbuyo, n'kutuluka. Lachinayi anandiitana, nandiuza kuti nditseke chitseko. Anayamba ndi kundiyamikira kuti ndili ndi maso akuthwa, ndipo mfundo imene ndinawauza Lachiwiri yawasowetsa mtendere. Ndinafunsa kuti mfundo yanji.

"Ija munanena kuti bambo wa suti ndi chipewa uja akufanana ndi mwini dziko lino, ndipo mkaziyo ndife anthu ake."

Ndinati sindinanenepo zimenezo, ndipo sindinaziganizepo n'komwe.

"Munanena, mng'ono wanga, mutakhala pampando womwewo. A Chikaonda anali pafupi ndi zenera, sindikudziwa ngati anamva. Tamverani. Mawu amenewa akalowa mu lipoti, ndiye kuti ndinu wantchito watcheru amene wagwira chinthu choipa. Akapanda kulowa, ndiye kuti ndi maganizo anu, munangowalankhula. Mukuona kusiyana kwake? Ine ndikufuna kukutetezani. Muli ndi ana."

Tonse tinkadziwa zimene zikanamuchitikira Che Idrissa kabokosi komaliza kaja kakachongedwa. Masiku amenewo munthu ankatengedwa pa nkhani yocheperapo, ndipo abale sankauzidwa kumene ali. Koma ndinayamba kudzifunsa kuti mwina ndinanenadi. Suti inalidi yakuda, chipewa chinalipodi. Ngati ndinkaiwala makalata ndi makiyi, mawu anga omwe ndikanalephera bwanji kuwaiwala? Anandikhazika pa taipilaita, iwo akuyendayenda kumbuyo kwanga n'kumandiuza zolemba, ine ndikutaipa. Titamaliza anati ndikapumule, ndiwerengenso bwino, ndidzawapatse Lolemba. Pepalalo ndinaliika m'dirowa yanga.

Mayi anu sindinkawauza za kuntchito, chifukwa a Kamwendo ankati nkhani za ofesi zikafika kwa akazi zimafika pa mjigo. Koma Loweruka, iwo akusenda nandolo pakhonde, anandifunsa chifukwa chimene ndakhalira masiku awiri osadya, ndipo ndinafotokoza zonse. Anamvetsera osasiya kusenda. Nditamaliza anafunsa kuti Lachiwiri lake liti. Ndinati lapitali.

"Bambo a Tamanda, Lachiwiri tinali kumaliro a malume anu ku Nsamala. Tinanyamuka Lolemba masana, tinabwera Lachitatu m'mawa. Nsapato zanu za kumanda ndi izo, sindinazichape."

Ndinapita kukazinyamula nsapatozo. Matope ofiira anali ataumirira kunsi kwake. Malirowo sindinawaiwale, ndinanyamula nawo bokosi. Koma kwa masiku awiri athunthu zinthu ziwirizi zinakhala m'mutu mwanga popanda kukumana, maliro kwawo, mawu a bwana kwawo. Sindinawerenge n'komwe masiku. Iwo atanena kuti Lachiwiri, ine ndinangolandira. Ndinakhala pakhondepo nsapato zili m'manja, ndikuganiza za kiyi, za makalata, za mapilitsi a mavitamini, ndipo sindinadziwe kuti ndiyambire pati kukayikira ndi kulekezera pati.

Mayi anu sanandiuze chochita. Anangoti ngati ndisaina bodza, ndidziwe kuti ndi bodza, ndisadzanene kuti ndinaiwala. Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkaona inu anayi mutakhala pamkeka kutsogolo, ndipo ndinkaonanso Che Idrissa akundipatsa kaseti ndi manja awiri.

Lolemba ndinalawirira. Ndinatulutsa pepala lija m'dirowa, ndinakaling'amba n'kuliponya m'chimbudzi cha kuseri. Ndinataipa lipoti lina lalifupi: kuti filimuyo ndi ya akuluakulu ngakhale ili yojambula, kuti si yoyenera ana, kuti mwini malo anaionetsa mosadziwa ndipo anaipereka yekha, ndi kuti mulibe chilichonse chokhudza boma. Kope la kaboni ndinakaliponya ku positi, lopita ku likulu, ndisanaonane ndi bwana, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikayamba kulankhula nawo sindikalitumiza.

A Kamwendo anawerenga mpaka pansi, namwetulira. Ndinawauza kuti Lachiwiri ndinali kumaliro ndipo sindikanatha kunena mawu aja. Anavula magalasi.

"Ndani wanena za Lachiwiri? Ine ndinati Lolemba. Lolemba m'mawa simunali muno mukuonera kaseti?"

Ndinalimo. Ndinali wotsimikiza kuti anati Lachiwiri, koma umboni wanga unali makutu anga okha, ndipo makutu amenewo ndinali nditasiya kalekale kuwakhulupirira. Anandigwira paphewa, nanena kuti ndatopa, ndipo aona mmene angandithandizire.

Patapita milungu iwiri Che Idrissa anatengedwa ndi apolisi pa sitolo yake, makasitomala akuona. Mwezi womwewo ine ndinalandira kalata yondisamutsira ku Rivirivi.

1991, Rivirivi

Kalatayo inati ndikaphunzitse alimi a thonje ndi kanema. Ndinapeza chipinda chimodzi chodontha, pulojekita yopanda babu, ndi mafilimu omata chifukwa cha kutentha. Galimoto kunalibe. Ndinkapalasa njinga ndi zithunzi zapapepala za mbozi za thonje, n'kumaonetsa alimi amene ankazidziwa mbozizo kuposa ine. Inu mukukumbukira nyumba ija ya udzudzu ndi sukulu yakutali. Ndinu amene munalipira chisankho changa ndi miyendo yanu, ndipo sindinakufunseni.

Koma ndinene chinthu chimodzi. Zaka zonse za ku Rivirivi sindinataye kiyi ngakhale kamodzi, ndipo palibe anandiuza kuti ndaiwala kalata. A Chikaonda anadzandipeza tsiku lina ku Balaka pamaliro a mnzathu, ndipo titacheza tinapeza kuti iwonso anauzidwa kuti ine ndimawanena kuti amaba mapepala a ofesi. Za mawu a suti ndi chipewa anati sanamvepo, koma anawonjezera kuti sankakhala pafupi ndi zenera nthawi zonse.

1993, Balaka

Che Idrissa ndinakumana naye pa depoti ya mabasi. Anali atawonda, ndevu zitachita imvi, ndipo ndi iye amene anandizindikira. Anakhala m'manja mwa apolisi miyezi inayi, ndipo atatuluka vidiyo sanaitsegulenso. Tinakhala pabenchi. Anandiuza, mopanda ukali, kuti pomufunsa mafunso anamuonetsa pepala lotaipa, lonena za suti ndi chipewa, lokhala ndi siginecha pansi, ndipo anamuuza kuti dzinalo ndi langa. Ndinamufunsa mmene siginechayo inkaonekera. Anati Chingerezi sawerenga, ndipo pa nthawiyo maso ake sanali pa siginecha.

Ndinamufotokozera zonse, za Lachiwiri, za nsapato, za lipoti lachiwiri ndi positi. Ndinamufunsanso ngati anali ndi mlandu ndi a Kamwendo. Iye anati anthu amanena zambiri, ena kuti mlamu wawo ankafuna malo a sitoloyo, ena kuti bwanayo ankafuna kuoneka wogwira ntchito kwa akuluakulu a chipani, koma iye anangokumana nawo kawiri ndipo anapatsana moni bwinobwino. Kenako anati, "Ndakumvani, achimwene." Sananene kuti wandikhulupirira, sananenenso kuti sanandikhulupirire. Basi ya ku Ntaja itafika anandigwira chanza n'kukwera.

Apa ndi pamene sindikudziwa. Ndikukumbukira ndikung'amba pepala kuseri kwa ofesi. Koma ife sitinkataipa kanthu popanda kaboni, ndipo sindikukumbukira ngati m'dirowa munali mapepala awiri kapena limodzi. Ndinalinso ndi chizolowezi chosaina pepala ndikangolitulutsa mu taipilaita, dzanja likuchita lokha. Lachinayi lija ndinasaina? Masiku ena ndimaona bwinobwino ndikuika cholembera pansi osasaina. Masiku ena ndimaona dzina langa pansi pa pepalalo. N'kuthekanso kuti wina analemba dzina langa, chifukwa siginecha yanga si yovuta. Zinthu zitasintha m'dziko ndinalemba kalata ku likulu kufunsa za mafailo a chaka chimenecho. Yankho silinabwere.

1998

A Kamwendo anamwalira nditapuma kale ntchito. Akazi awo anatumiza uthenga kuti masiku awo omaliza ankanditchula, ankafunsa kuti mng'ono wawo ali kuti. Mayi anu anati ndisapite. Nditaumirira anavala chitenje n'kunditsatira, ati sangandilole kupita ndekha kwa munthu ameneyo ngakhale ali m'bokosi. Kumanda anandiitana kuti ndiponye dothi pamodzi ndi abale. Ndinaponya, ndipo ndinalira kwambiri moti mwana wawo wamkulu anachita kundigwira mkono kundichotsa pamenepo.

Pobwerera, basi itadutsa Liwonde, mayi anu anandifunsa motsitsa mawu kuti ndinkalira chiyani. Ndinaganiza mpaka tinafika pa Balaka, tinatsika, tinagula tomato, tinayamba kuyenda wapansi kupita kunyumba. Pa mlatho waung'ono wa panjira yathu anaima n'kundiyang'ana, akudikirabe. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Anandilanda jumbo ya tomato, n'kutsogola.